Denga la galimoto yogonamo likayamba kudontha

Amene mumakhala m'mbali mwa msewu wa M5, kapena mumafika ku Senga Bay, ku Cape Maclear ndi ku Chitimba, magalimoto amenewa mwawaonapo. Kunja amaoneka ngati minibasi kapena kalole kokhala ndi bokosi kumbuyo, koma mukasuzumira mkati mupeza bedi, sitovu, makabati ndi thanki ya madzi. Pamwamba pamakhala sola ndi kazenera kotsegukira kumwamba. Eni ake amati camper van, ife kugalaja timangoti galimoto yogonamo. Ambiri amabwera nawo ndi alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya, ena atayenda miyezi kuchokera kwawo. Ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta magalimoto, ndiye za injini sizindikhudza. Amene amafika kwa ine ndi uja wadzuka matiresi atanyowa, kapena waona banga lakuda likukula pa siling'i pamwamba pa bedi.

Munthu wotereyu amafika atalozeratu chala. "Pakudontha ndi apa," amatero, n'kupempha kuti ndikwere ndikamate pamwamba pa malo omwewo. Ndimakana. Pamene madzi akutulukira mkati si pamene alowera kunja. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata akudziwa kuti mvula imalowa pa bowo la msomali kumtunda kwa denga, n'kutsetsereka ndi phaso, n'kukadontha kutali pakona. M'galimoto njira za madzi n'zambiri kuposa pamenepo, chifukwa kunsi kwa denga kuli nthiti zachitsulo, mawaya, zotchinga kutentha ndi matabwa a siling'i. Galimotonso siima malo amodzi. Lero yaima mutu uli kumtunda, madzi athawira kumbuyo. Mawa yapendekera kumanzere, atulukira pachitseko. Bowo n'limodzi lomwelo.

Denga la galimoto likamachoka ku fakitale limakhala lathunthu, koma magalimoto ogonamo ambiri sanabadwe ali ogonamo. Volkswagen itayamba kupanga Kombi mu 1950, kampani ya Westfalia ya ku Germany inayamba mu 1951 kuikamo za m'nyumba, ndipo mpaka lero kachitidwe kake n'komweko: amatenga galimoto yonyamula katundu, kaya Ford Transit, Toyota HiAce, Fiat Ducato kapena Mercedes Sprinter, n'kuisandutsa nyumba. Kusandutsako kumafuna kuboola. Mazenera a padenga ambiri a ku Ulaya amafuna bowo la masentimita 40 mbali zonse zinayi. Palinso bowo la waya wa sola, la eriyo, mabawuti a kaliyala, ndi a chitsulo chogwira lona wa mthunzi m'mbalimu. Ena amadula denga n'kuikapo la faiba lokwezeka, lokhala ndi nsalu mozungulira. Bowo lililonse latsekedwa ndi zomatira, ndipo zomatira zimakalamba msanga kuposa chitsulo.

Madzi amene denga limalandira si ochepa. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse. Denga la mamita 5 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi likagwidwa ndi mvula ya mamilimita 30, imene kuno mu Januwale imatha kugwa masana amodzi, lalandira malita 300, mgolo umodzi ndi theka. Koma chimene chimatsegula njira si mvula, ndi dzuwa. Aluminiyamu amafutukuka ndi kutentha pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Lata la aluminiyamu la mamita 5 likatentha ndi madigiri 40 kuchoka m'bandakucha kufika masana, limatalika ndi mamilimita pafupifupi 5, usiku n'kubwerera. Pulasitiki wa kazenera amafutukuka koposa apo. Zomatira zili pakati pa ziwirizi zimakokedwa ndi kufinyidwa tsiku ndi tsiku, kwinaku dzuwa la Okutobala likuziumitsa. Kenako galimoto ikwere msewu wokhotakhota wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia, kapena igwedezeke pa msewu wafumbi wopita ku Nyika, thupi lonse limapotoka pang'ono, ndipo zomatira zouma zija zimang'aluka. Mitengo ya mango imene alendo amaikonda chifukwa cha mthunzi nayo ili ndi mlandu: nthambi zimakanda denga ndi kuswa chivindikiro cha kazenera, masamba amatseka ngalande.

Magalimotowa sali amtundu umodzi, ndipo ndisanagwire chilichonse ndimayamba ndadziwa kuti denga ndi lachiyani. Thupi lachitsulo ngati la minibasi, mdani wake ndi dzimbiri. Thupi la bokosi limakhala ndi aluminiyamu kapena faiba kunja, thovu louma pakati, matabwa opyapyala mkati, ndipo akale ambiri ali ndi mafupa amatabwa. Amenewa ndi amene amandimvetsa chisoni, chifukwa madzi amatha kulowa zaka osadontha ngakhale kamodzi, akungomwedwa ndi matabwa. Pamene mwini akuona banga, pakona ponse panafumbwa kale. Mtundu wachitatu ndi wa ku America, umene denga lake limayalidwa chinsalu cha labala chotchedwa EPDM kapena TPO. Kuno suoneka kawirikawiri, koma ukakumana nawo n'kuuchita ngati lata, wauwononga.

Funso loyamba kwa mwini galimoto ndi lakuti, kodi madziwa amabwera mvula ikagwa pokha? Ambiri amadabwa nalo, koma si madzi onse a kudenga amene achokera kumwamba. Anthu awiri akagona m'kachipinda kotseka, mpweya wawo umatulutsa nthunzi usiku wonse. Gasi wophikira amaonjeza: kilogalamu imodzi ikapsa imatulutsa madzi oposa lita imodzi ndi theka. Nthunzi imeneyi ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka madontho. Amene wagona pa phiri la Zomba mu Juni, kapena wakumana ndi chiperoni ku Thyolo, amadzuka denga lonse lili ndi mame mkati, n'kuganiza kuti laboola. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Thukuta la denga limanyowetsa paliponse mofanana, makamaka pa chitsulo chosakutidwa ndi pa magalasi, limachuluka m'mawa kozizira, ndipo limatha mukatsegula mazenera. Kudontha kwenikweni kumatsata mvula kapena kutsuka galimoto, kumakhala ndi malo ake, ndipo kumasiya mkwasa wofiirira kapena wakuda.

Ndikatsimikiza kuti ndi mvula, ndimayambira mkati. Mphuno imatsogola. Tsegulani makabati a m'mwamba, mununkhize kumbuyo kwake. Fungo la chuku silibisika. Kenako dzanja: dinizani siling'i ndi makoma pang'onopang'ono, makamaka m'makona ndi mozungulira kazenera. Pabwino pamalimba, povunda pamabonyoka. Yang'anani mitu ya ma screw, chifukwa imene yachita dzimbiri pakati pa inzake yowala ikukuuzani kuti kumbuyo kwake kwanyowa. Pali kachipangizo koyezera chinyezi m'matabwa, kokhala ndi timano tiwiri tobaya. Ku Britain, kumene magalimoto ndi ngolo zogonamo n'zochuluka, oziyeza chaka ndi chaka amati kakaonetsa pansi pa 15 peresenti palibe vuto, kakapitirira 20 pafunika kufufuza, ndipo kakafika 30 matabwa angakhale atawonongeka kale. Manambalawa ali ndi chifukwa chake: nkhungu zovunditsa thabwa zimakula chinyezi chikadutsa 20 peresenti. Kachipangizoka kamathandizanso kutsata madzi, poti manambala amakwera pamene mukuyandikira polowera.

Kenako kukwera. Musaponde denga limene simukulidziwa. Imani pa makwerero, ndipo ngati kukwera kuli kofunika, yalani thabwa lalikulu kuti kulemera kugawanike, mugwade. Tsukani denga kaye, chifukwa mng'alu wochepa ngati tsitsi suoneka pansi pa fumbi. Ndiye muyende ndi chala m'mphepete mwa chilichonse chimene chamangidwa pamenepo. Zomatira zamoyo zimabwerera mukazidina. Zakufa zimauma, zimatuwa, ndipo chikhadabo chimalowa kunsi kwake. Pa magalimoto achitsulo malo okayikitsa ndi odziwika. Ngalande za m'mbali mwa denga, monga za HiAce ndi Kombi, ndi pamene denga linalumikizidwa ndi thupi, ndipo zomatira za ku fakitale zimang'aluka m'menemo. Sprinter, Transit ndi Ducato zili ndi malo omangirapo kaliyala, ena otsekedwa ndi tizitsekero tapulasitiki timene dzuwa limadya. Nyale ya mabuleki yapamwamba pa zitseko zakumbuyo imakhala ndi labala wopyapyala amene anthu amamuiwala. Pamwamba pa galasi lakutsogolo, makamaka ngati linasinthidwapo, napo pamalowa madzi n'kukatulukira kutali kumbuyo.

Maso akalephera, kapena ngakhale akapeza kanthu, ndimayesa ndi madzi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya chifukwa cha changu. Amathira denga lonse nthawi imodzi, madzi n'kutuluka mkati, iwo n'kungotsimikiza zimene ankadziwa kale, zakuti likudontha. Pafunika anthu awiri. Mmodzi akhale mkati ndi tochi, atachotsa zokutira zonse zimene zingachoke. Wina akhale kunja ndi payipi yotulutsa madzi mofatsa ngati mvula; kumene kulibe mpopi, kheni yothirira ndiwo kudimba imagwira ntchito bwino lomwe. Makina ankhongono otsukira magalimoto ayi, chifukwa amalowetsa madzi ngakhale pamene mvula sikanalowa, ndiponso amang'amba zomatira zabwino. Muyambire m'munsi: mazenera a m'mbali, zitseko, kenako ngalande, kenako pamwamba pa galasi, ndipo denga likhale lomaliza, chinthu chimodzi chimodzi, zinazo mutaziphimba ndi pulasitiki. Mukayambira pamwamba madzi amatsikira pa zonse, ndiye simudziwa cholakwa. Malo alionse apatseni mphindi 5 mpaka 10, poti madzi amayamba akhutitsa zotchinga kutentha asanaonekere. Kuwaza ufa kapena pawudala wa ana m'nthiti za denga kumaonetsa njira imene adutsa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'galimoto n'zoona: akapeza njira amaitsata ulendo uliwonse, ndiye mukaona mkwasa wawo, utsatireni chokwera mpaka pamene wayambira.

Pali kudontha kwina kumene kumachitika galimoto ikamathamanga basi, mphepo ikamakankha madzi kunsi kwa mlomo wakutsogolo wa kazenera kapena wa denga lokwezeka. Kumeneku payipi ingalephere kukupeza. Njira yake ndi ya mpweya. Tsekani zitseko ndi mazenera, mumate kwa kanthawi mipata yonse yopumira, muike fani yamphamvu pa zenera limodzi yopemerera mkati, mipata yake mutaitseka ndi katoni. Kunja wazani madzi a sopo m'malumikiziro monse. Pamene mpweya ukutuluka pamafufuma thovu. Ku America kuli makina opangidwira zimenezi, koma nzeru yake ndi yomweyi. Mukapeza bowo limodzi musaleke, malizani denga lonse, chifukwa nthawi zambiri zomatira za padengapo zimakhala zitakalambira limodzi.

Tsopano kukonza, ndipo apa mundilole ndidandaule za silikoni. Denga lililonse lodontha limene limafika kwa ine lili ndi milu ya silikoni, wina pamwamba pa mnzake, aliyense woikidwa ndi munthu amene ankafuna kuthandiza. Silikoni wa m'bafa, uja wonunkha ngati viniga, amatulutsa asidi akamauma, ndipo asidiyo amadya chitsulo chosapenta. Pakapita nthawi amatukuka m'mphepete n'kukhala kathumba kosunga madzi pa bowo penipenipo. Choipitsitsa n'chakuti pamene padutsa silikoni sipagwira kanthu, kaya penti, kaya zomatira zina, ngakhale silikoni watsopano, mpaka mutapala kotheratu. Phula limene timamatira malata a nyumba limasungunuka masana n'kung'aluka kukazizira, ndipo pa denga la labala limawononga. Body filler naye si wotsekera bowo. Amamwa madzi, dzimbiri n'kumakula kunsi kwake penti ili yowala pamwamba.

Chimene chimatseka madzi pa kazenera si chimene mukuchiona mozungulira, koma chimene chili kunsi kwa mlomo wake. Choncho kazenera kodontha kamafunika kuzulidwa. Masulani ma screw, mulowetse chopalira chapulasitiki pang'onopang'ono, mukanyamule. Palani zomatira zakale zonse pa denga ndi pa kazenerapo, mupukute ndi sipiliti, mudikire auluke ndithu, chifukwa sipiliti wotsalira amalepheretsa zomatira za polyurethane kuuma. Petulo kapena palafini musayandikize pa denga la labala. Onani m'mphepete mwa bowo: ngati amene anadula sanapentepo, mupeza dzimbiri, ndipo muyambe mwathana nalo. Kunsi kwa mlomo ndimakonda kuyala tepi ya butyl, yonanda ngati chingamu ndipo siuma ngakhale papite zaka, moti imayenda limodzi ndi denga likamafutukuka. Ngati siikupezeka m'sitolo ya zida za magalimoto, funsani kwa ogulitsa malata. Denga la galimoto yachitsulo lili ndi mizere yokwera ndi yotsika, ndiye m'motsikamo mudzaze ndi timizere tapulasitiki kapena butyl wosanjikiza mpaka pafanane. Pomanga ma screw muzilumpha, uku kenako kutsidya, pang'onopang'ono, mpaka butyl atayamba kutuluka mofanana mbali zonse. Pamenepo lekani. Kumangitsa kumafinyira zomatira zonse kunja n'kuswa pulasitiki. Mawa lake mubwerezenso pang'ono, mudule wotulukayo, ndiye muzungulize mkombero wa zomatira zouma koma zotamuka, monga Sikaflex, mutaphimbanso mitu ya ma screw.

Ena amamata kazenera ndi Sikaflex yekhayekha. Zimatheka, koma mitundu ina imagwira kwambiri moti tsiku lochotsa kazenera kamasweka, ndipo mukatero musiye kuchindikala kwa mamilimita 2 kapena 3, chifukwa zomatira zopyapyala kwambiri zilibe potamukira. Zomatira zakuda zimene amaikira magalasi akutsogolo ndi polyurethane ndithu ndipo n'zosavuta kupeza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma zambiri siziyanjana ndi dzuwa, ndiye zikakhala poyera zipakeni penti. Denga la labala limafuna zake, monga Dicor, zimene zimadziyala zokha mukazithira. Pogula onani deti pa chubu, poti zomatira zimene zakhalitsa m'sitolo yotentha zimaumira momwemo. Ntchitoyi muigwire m'mawa kapena pamthunzi, denga lili louma ndi lozizira. Polyurethane amauma ndi chinyezi cha mumpweya, mamilimita pafupifupi 3 pa tsiku kulowa mkati. Mlendo wofulumira ndimamuuza kuti agone kaye usiku umodzi kapena uwiri asanakalowe m'mabampu.

Dzimbiri la m'ngalande limafuna kufukula zomatira zakale ndi kukwecha mpaka chitsulo chiwale. Ngati changodyeka pamwamba, mankhwala opha dzimbiri, penti yoyamba, zomatira zatsopano ndi penti yomaliza zikwanira. Ngati chaboola, pafunika kudula ndi kuwotcherera chigamba. Apa ndimachenjeza anzanga owotcherera ndi mtima wonse: iyi si minibasi yopanda kanthu. Kuseri kwa chitsulocho kuli thovu, matabwa, nsalu ndi mawaya. Chotsani zonsezo pamalopo, tulutsani botolo la gasi, masulani mabatire ndi waya wa sola, ndipo mkati mukhale munthu ndi ndowa ya madzi mpaka chitsulo chizizire. Denga la faiba losweka nalo lili ndi njira yake: kukwecha mozungulira mng'alu mopendekera, kuyala nsalu za faiba zosanjikiza ndi mankhwala ake, n'kusalaza. Amisiri okonza maboti a faiba kunyanja kuno amaidziwa ntchitoyi kuposa ambiri a m'magalaja, ndipo ine ndimawaitana.

Mukakhala paulendo mvula ikugwa, tepi yolimba yomatidwa pouma kapena lona womangidwa bwino zikufikitsani kumene mukupita. Ndi chithandizo cha masiku ochepa chabe. Koma chinthu chimodzi musachite ngakhale mutatopa ndi madzi motani: musamate mipata yopumira. Mazenera ambiri a padenga anapangidwa dala kuti azilowetsa kamphepo ngakhale atatsekedwa, ndipo pansi pa galimoto pamakhala mabowo otulutsira gasi akathawa. Sitovu yoyaka m'kachipinda kosapuma imatulutsa mpweya wopanda fungo womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya alendo okha. Koma HiAce imene Toyota inayamba kupanga mu 1967 ndi yomweyo ikutinyamula tsiku ndi tsiku, ndipo nonse mwakwerapo minibasi imene mvula ikayamba anthu a kuzenera amasendera pakati, kondakitala akutseka pamwamba pa chitseko ndi kansanza. Zifukwa zake n'zomwezi: ngalande yadzimbiri, galasi loikidwa mothamanga, kaliyala wosenzetsedwa matumba mpaka miyendo yake yang'amba chitsulo. Madzi amenewo samangonyowetsa apaulendo. Amatsika m'mizati n'kukadya pansi pa galimoto, amalowa m'mawaya, ndipo mwini amadzalipira zambiri kuposa mtengo wa chubu chimodzi cha zomatira. Nthawi yabwino yoyendera denga ndi Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, kunja kuli gwa, mvula ya Novembala isanafike, kenako kuonanso mu Epulo ikatha.

Kutseka bowo si kutha kwa ntchito. Madzi amene analowa kale akali mkati, ndipo mukawatsekera momwemo apitiriza kuvunditsa. Zotchinga kutentha zonyowa zichoke, ziume padzuwa kapena zisinthidwe. Thabwa limene screwdriver ikulowa popanda kulimbana lidulidwe mpaka pamene pali polimba, ndipo latsopano lipakidwe mankhwala lisanalowe. Chuku chipukutidwe munthu atavala chotchinga pamphuno, chifukwa m'kachipinda kameneka anthu amagonamo, ena ndi ana, ena a mphumu. Molumikizira mawaya mmene mwachita zobiriwira mudulidwe n'kulumikizidwa mwatsopano. Zitseko zikhale zotsegula masiku angapo, fani ikupemerera. Zomatira zikauma, bwerezani kuyesa ndi payipi monga poyamba, kuchokera m'munsi kukwera, galimoto itaima mopendekera uku kenako uko. Ndipo ngati mwini angapirire, siling'i asaibwezere msanga. Ayende nayo choncho mpaka igwidwe ndi mvula yeniyeni ili pamsewu, aone ndi tochi kuti nthiti zonse zili zouma, ndiye adzatseke.